Nsimbi ndi Kaligo wa Uja

Kuntchito, kumsika, ngakhale pampopi wa mumzere wa nyumba zawo za lendi, aliyense ankamutchula kuti Nsimbi. Dzinali linamukhala pawiri. Ntchito yake inali yosita nsalu zapabedi m'chipinda chapansi cha hotela ina, momwe nthunzi inkachita kutsika m'makoma ngati thukuta. Komanso anali munthu woti ukamukhudza mosasamala umapsa.

Anabadwa woyamba m'nyumba ya ana ambiri, ndipo azing'ono ake anawalera ndi pakamwa. Sukulu anaisiyira panjira mayi ake atadwala. Atakwatiwa ndi wokonza mawotchi, anthu anati moto wapeza madzi, pakuti mwamunayo anali wofatsa, wa zala zosalala, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Ankakhala pa kathebulo m'khonde la sitolo ya nsapato, kagalasi kali padiso, kutokosa m'mimba mwa mawotchi a anthu. Loweruka lililonse masana ankavala shati yoyera imene Nsimbi wasita, kunyamula kaligo wake, choimbira chokwecha ndi uta, m'thumba la nsalu, ulendo wa ku holo ya m'dera kumene kunkakumana kalabu ya nyimbo ndi magule akale. Nsimbi sanapondeko phazi. Ankati kulira kwa kaligo n'kwa udzudzu wolowa m'khutu, ndiponso Loweruka ndilo linali tsiku lokha lochapa za m'nyumba mwake atatha mlungu wonse akuchapira alendo.

Chaka chimene mwana wawo wamkazi anayamba kosi ya unamwino, Nsimbi anaweruka tsiku lina n'kupeza mbali imodzi ya kabati ili pululu. Mashati palibe, nsapato palibe, kabokosi ka zitsulo palibe. Kunatsala kaligo yekha, akulendewera pamsomali kuseri kwa chitseko. Mayi woyandikana naye ndiye anamutsina khutu, maso ali pansi: mwamunayo wapita kwa wa saluni, mkazi wamtali amene amavina kutsogolo ku kalabu. Zinayamba kalekale.

"Kalekale liti?"

"Ife timayesa mukudziwa, anzathu."

Nsimbi sanalire. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kuganiza za mashati: makolala amene ankawalimbitsa, mizere ya m'manja imene ankaiwongola ngati ya msilikali, kuti bambo akaoneke bwino pamaso pa mkazi wina. Kuyambira tsiku limenelo dzina la mwamunayo silinatulukenso pakamwa pake. Ankangoti Uja.

Loweruka lotsatira anauyamba wa ku holo atagwira kaligo pakhosi ngati nkhuku yokapha. Holoyo inali kuseri kwa laibulale, mazenera ena otseka ndi makatoni. M'mawa ankaigwiritsa ntchito a karate, ndipo fungo la mapazi awo linali lisanatuluke. Mbali imodzi kunali mabenchi a ophunzira, aliyense ndi kaligo wake. Pakati anthu ankavina awiriawiri mozungulira. Chitseko chitamenya khoma, zonse zinangoti zii.

"Ali kuti?"

Uja kunalibe, wa saluni kunalibenso. Amene anadzuka anali mphunzitsi wa kalabuyo, kalipentala wachikulire wa utuchi m'nsidze, amene onse ankawatchula kuti aMisiri. Nsimbi anakweza kaligo m'mwamba kuti amuswere pa simenti.

"Iswani, mayi," anatero aMisiri. "Koma amene mukumufunayo mulibe m'menemo. Mtengowo ndinasema ndine, chikopacho ndinakunga ndine. Mukhala mwaswa ntchito yanga."

"Inu munkadziwa?"

"Tinkadziwa."

"Nonsenu?"

Wina anayamba kupenda zikhadabo zake. Pamenepo Nsimbi anamasula pakamwa. Anawauza kuti ndi mbava zogwirira mnzawo makwerero, anthu ovina pamaliro a munthu wamoyo. Anayamba ndi aMisiri, anadutsa benchi ndi benchi, sanasiye ngakhale mayi wotsanulira tiyi pakona. Mawu atamuthera, maso ake anagwera pa mpando umodzi wotsamira umene unali kutsogolo kwa mabenchi, wopanda munthu. Pampandopo panali kapilo ka maluwa ofiira. Anakazindikira. Anakasoka yekha, Uja atadandaula msana.

"Mpando uwo ngwa yani?"

"Ngwa wotsogolera nyimbo."

"Ndiye mukumusungira?"

AMisiri anakanda m'mutu. "Anati zikazizira abwera."

"Zikazizira!" Nsimbi anaseka chiseko chowawa. "Kuti munthu akhale pamenepo amachita chiyani?"

"Amaimba kuposa onse, mpaka ovina anene okha kuti tikufuna uyu."

Nsimbi anatsitsa kaligo, napita kukakhala pa benchi la kumbuyo. Amene anali pamenepo anasendera msanga.

"Ndiphunzitseni," anatero.

Kaligo ali ndi nsambo imodzi yokha, koma nsambo imodziyo inamuonetsa zakuda. Zala zake zinali zokhuthala ndi zipsera za nthunzi. Pamene aMisiri ankati khudzani, iye ankakanikiza. Uta ankaukoka ngati akuchotsa makwinya pa nsalu yokhakhala.

"Mayi, nsamboyo si kolala," ankatero aMisiri. "Pakani utomoni pa utawo, kenako dzanja lipepuke."

"Dzanja langa ndi lomweli. Mukufuna ndikabwereke la wa saluni?"

Kunyumba agalu a mumzere ankamuyankhira. Mwini nyumba anabwera kudzafunsa ngati akupha mbuzi ndi mpeni wobuntha, koma anabwerera asanamalize funso. Kenako Nsimbi anapeza malo. Nthawi ya nkhomaliro ankalowa kuseri kwa makina owumitsira zovala, momwe phokoso linkameza chilichonse, n'kumakwecha nsambo anzake akudya. Mwana wake atabwera ku holide anamupeza akung'ung'udza nyimbo, manja ali m'beseni.

"Amama, anthu akukusekanitu. Akuti mwazungulira mutu chifukwa cha adadi."

"Aseke. Mano ndi awo."

"Koma mukufuna chiyani kumeneko? Si bwino kungowaiwala?"

"Iwe phunzira kubaya jakisoni. Izi zisiye."

AMisiri sankaphunzitsa ndi pepala. Nyimbo ankayamba kuiika pakamwa pa munthu, aing'ung'udze mpaka ikhazikike, kenako itsikire ku zala. Anali ndi lamulo limene Nsimbi analimbana nalo kwa nthawi: aliyense woimba ayenera kuvina. "Woimba wosavina amathyola anzake miyendo," ankatero. Koma amuna a m'kalabumo ankamuopa. Ikafika nthawi yosankhana, aliyense ankapezeka akumanga chingwe cha nsapato. Amene anamutambasulira dzanja anali mkulu wina wowonda amene anapuma ntchito ku positi ofesi, aPositi. Nsimbi anawaponda zala mpaka nsapato zawo zinasintha mtundu, koma iwo ankangoti, "Pondani, mwananga, mapazi awa anayenda kale mokwanira. Tiyeni, kumanzere tsopano."

Mvula itayamba, Uja anabwerera ku kalabu, wa saluni ali pambali pake, kaligo watsopano wonyezimira ali m'manja. Anthu anamulandira ngati wochokera ku ulendo. Anakhala pa kapilo kaja. Atatembenuka n'kuona amene ali pa benchi la kumbuyo, ndi chimene wagwira, anapereka moni.

"Muli bwanji, amake mwana?"

"Nsambo yanu yatsika," anatero Nsimbi. "Kungani."

Nsamboyo inali bwinobwino. Koma Uja, posowa pobisa maso, anapotokola chikhomo chokungira nsambo, napotokolanso, mpaka nsambo inaduka n'kumukwapula pachibwano. Tsiku limenelo Nsimbi anadya mokhuta.

Pasanapite nthawi alamu ake, mng'ono wa Uja, anafika kunyumba kudzapempha kaligo wakale, akuti watsopanoyo sakulira bwino.

"Alamu," anatero Nsimbi ataima pakhomo, "kamuuzeni mkulu wanu kuti chimene munthu wasiya pamsomali ndiye kuti wataya. Ngati akumufuna abwere yekha, adzagogode pachitseko chimene anatulukira mozemba."

Uja sanabwere.

Chimene chinamupsetsa mtima koposa chinachokera kwina. Panali nyimbo ina yodekha imene ankaitchula kuti Mwendo wa Mlonda, yoyenda ngati munthu wotopa akubwerera kwawo m'mawa. Tsiku lina, kuseri kwa makina aja, nyimboyo inatuluka yonse yosadukiza, ndipo tsembwe linamuyenda thupi lonse. Anatsitsa uta. Ndiye kuti chinthu chokoma chonchi chinkalendewera kuseri kwa chitseko chake zaka zonsezo? M'nyumba Uja ankangokunga nsambo ndi kukwecha tizidutswa. Sanamuimbirepo nyimbo yathunthu, sananenepo kuti siya zochapazo, tiye ukamve. Ankangovala shati n'kutuluka. Masana amenewo Nsimbi anapsereza nsalu ya patebulo, chinthu chimene sanachitepo chiyambireni ntchito, ndipo kapitawo atafunsa, anamuyankha mawu amene anamupezetsa chenjezo.

Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Nsimbi anachoka pa benchi la kumbuyo, anafika lapakati, anafika lakutsogolo, kuseri kwenikweni kwa khosi la Uja, moti ankaona kuti makolala ake tsopano ndi opindika.

Kalabuyo inakonza tsiku loti achibale ndi anansi adzaonerere. Holo inadzaza, ena ankasuzumira m'mazenera. Uja anali atadzicheka ndi kachitsulo ka wotchi, chala chitatupa. AMisiri anayang'ana uku ndi uku, nati, "Mayi, lero khalani apo." Nsimbi anatenga kapilo kaja, anakaponya pa ntchafu za mwini wake, nakhala pa thabwa.

Nyimbo zoyamba zinayenda bwino, mpaka ovina anayamba kuyang'anana modabwa poona kuti miyendo ikupepuka yokha. Kenako inafika Mbuzi Pamlatho, nyimbo yoyamba pang'onopang'ono n'kumakwera liwiro. Wa saluni anali kutsogolo, diresi lachikasu likuuluka, anthu akumuombera m'manja. Mwana wa Nsimbi anali m'gulu la oonerera, ndipo nayenso, mosadziwa, ankaomba nawo. Nsimbi anaziona. Magazi anawira.

Anawonjezera liwiro. Pamene nyimbo imayenera kukhazikika, iye anaikankha. Oimba anzake anayamba kutsalira m'modzim'modzi, wa ng'oma anamuyang'ana mopempha. Ovina anatuluka m'bwalo awiriawiri, ali wefuwefu. Wa saluni anazindikira chimene chikuchitika. Anamuyang'ana Nsimbi m'maso, anakwinya diresi m'manja, nakankhira nsapato kumbali osaima. Uta unkachita kufuka fumbi la utomoni.

"Mayi!" anakuwa aMisiri.

Nsimbi sanamve. Ankafuna chinthu chimodzi: amuone mkaziyo ali chagada pa simenti, pamaso pa anthu onse.

Amene anagwa anali aPositi. Anali asanatuluke m'bwalo, poti kwa iwo kusiya pakati nyimbo ya Nsimbi, amene ankamutcha mwana wawo, kukanakhala kumunyoza. Phazi linaterereka, anagwera cham'mbali, ndipo kulira kwa fupa kunamveka mpaka kumabenchi. Wa saluni anatsala chiimire, thukuta lili kamukamu.

Mwana wa Nsimbi ndiye anathamanga kukawagwira, ndipo anakwera nawo galimoto ya ku chipatala. Galimotoyo itachoka, aMisiri, amene palibe anawamvapo akukweza mawu, anaima pamaso pa Nsimbi nakalipa.

"Munthu wokhala apo amanyamula miyendo ya anthu. Inu nyimbo mwaisandutsa chikwapu. Holo ino musapondemonso mpaka aPositi adzavine."

"Ndichoke ine?" Nsimbi analoza Uja ndi uta. "Uyu anaswa nyumba, inu munamusungira mpando ndi kapilo komwe. Munamudikira kuti zizizire. Ine lero lomwe mukundithamangitsa?"

"Nyumba yanu sindinaimange ndine, mayi. Ine ndimayankha za m'holo muno."

"Ndi mmene mumapezera tulo, eti? Aliyense amayankha za m'holo mwake! Amuna inu mudzasungirana mipando mpaka kumanda."

Analowetsa kaligo m'thumba, natuluka. Palibe anamutsatira.

APositi anathyoka fupa la m'chiuno. Atatuluka m'chipatala anabwerera ku kachipinda kawo kuseri kwa malo ogulitsira matayala, kumene ankakhala okha. Nsimbi anafika Lamlungu m'mawa. Mawu oti pepani anali pakhosi, koma atatsegula chitseko n'kuona nsalu zimene mkuluyo ankagonera, anatuluka ena.

"Bambo, izi ndi zofunda kapena zopukutira injini? Ana anu ali kuti?"

"Ali kutali, mwananga. Ali ndi zawo."

"Ali ndi zawo! Foni alibe? Miyendo alibe?"

Anachapa, anasita, anakolopa, uku akutukwana ana a aPositi amene sanawaonepo, dokotala amene anawatulutsa msanga, ndi mwini matayala amene ankaunjika katundu pakhomo pa munthu wodwala. Ankabwera akaweruka, kwa miyezi. Mkuluyo atayamba kuima ndi ndodo anati, "Mubwere ndi kaligo. Kuyenda kopanda nyimbo kukundivuta."

Nsimbi ankakhala pa ndowa yovundikira, maso ali pa mapazi awo. Phazi likanyamuka ankakoka uta, n'kudikira mpaka litatera. Kudikirako kunkamuwawa kuposa nthunzi ya kuntchito.

"Mwathamanganso," ankatero aPositi.

"Ndinu mukuchedwa!"

"Eya, ndine. Ndidikireni."

Chiuno sichinabwerere mwakale. Koma Loweruka lina aPositi anavala jekete, nakwera minibasi pamodzi ndi Nsimbi. Analowa m'holo, anafika pakati, anatsamira ndodo, anasuntha phazi lamanja, anasuntha lamanzere, nagwedeza phewa.

"AMisiri, mwaona? Ndavina. Mulowetseni mwanayu."

AMisiri anangoloza benchi.

Miyezi imene Nsimbi kunalibe, ovina anali atayamba kung'ung'udza. Uja ankaimba mosalakwitsa, ngati wotchi, koma iwo anali atalawa zina. Tsiku losankha wotsogolera nyimbo, anthu akuzengereza poopa kukhumudwitsana, amene anatsegula pakamwa anali wa saluni.

"Ine mayiyu sindimukonda, iyenso sandikonda, ndipo anafuna kundithyola. Koma miyendo yanga imamumva. Ndikufuna uyu."

Uja anadzuka, anapukuta kaligo wake wonyezimira, anatuluka mwaulemu monga mwa khalidwe lake, ndipo sanabwerenso. Anthu ankayembekeza kuti Nsimbi aseka kapena alira. Iye anangofufuma ndi mkwiyo. Zaka zonsezi akunola mano kuti mpandowo adzalande, lero akuupatsidwa ndi dzanja la mkazi ameneyo! Anatsala pang'ono kuukana.

"Khalani, mayi," anatero aMisiri. "Nthawi ikutha, a kwaya akufuna holoyi."

Chaka chisanathe wa saluni anamutulutsira Uja katundu panja. Akuti anatopa ndi munthu wongokhala ndwii, wodandaula za mpando kuyambira m'mawa. Uja anatuma mwana wake, amene tsopano anali namwino wa nyumba yakeyake, kukafufuza ngati kwa amayi ake kuli malo.

"Amama, adadi akalamba. Akugona kuseri kwa sitolo."

"Nyumba uli nayo iwe. Ndi bambo ako, kamutenge. Ine si m'bale wanga."

"Ndiye simudzawakhululukira?"

"Wakuuza ndani kuti wapepesa? Wakutuma kudzafunsa malo. Sanakutume kudzapepesa."

Mwanayo anawatengadi bambo ake. Nsimbi sanaletse, koma akapita kukacheza amaima pakhonde mpaka Uja atalowa kuchipinda.

Lero aMisiri maso anachita mdima, amangokhala pakona n'kumamvetsera, ndipo amene amagwira dzanja ophunzira atsopano ndi Nsimbi. Amakalipa. Ena amathawa Loweruka loyamba lomwe. Amene amatsala amaimba. Wachinyamata akathamangitsa nyimbo kuti anthu amuone, Nsimbi amamulanda uta n'kumutuma akavine ndi nkhalamba yochedwa kuposa onse, mpaka dzuwa lipendeke.

Wa saluni amavinabe kutsogolo. Akazi awiriwa sanapatsanepo moni. Akafuna kuti nyimbo ikwere, wa saluni amamenya chidendene pansi osayang'ana kumpando. Nthawi zina Nsimbi amamupatsa. Nthawi zambiri amamumana.